Desktop, thin client kapena laputopu: yoyenera kukhala rauta ndi iti?

Kompyuta yakale itha kusandutsidwa rauta, makina ogawa intaneti m'nyumba. Rauta sizimitsidwa usana ndi usiku, choncho musanayang'ane liwiro la purosesa, werengani kaye mayunitsi a magetsi amene makinawo azidya pamwezi.

Desktop ya muofesi ngati Dell OptiPlex 780 ya Core 2 Duo imapezeka motchipa, ndipo mkati mwake muli malo okwanira makhadi ndi ma hard disk. Koma ngakhale isakugwira ntchito yolemera, imakoka mawati pafupifupi 50. Mukachulukitsa ndi maola 24 kwa masiku 30, ndi mayunitsi 36. Thin client (kakompyuta kakang'ono ka muofesi kosadya magetsi ambiri) ya mawati 12 siifika mayunitsi 9. Desktop ndi yabwino ngati mukufuna seva yosungira mafayilo pa ma disk awiri kapena atatu. Pa ntchito ya rauta yokha, ndi kuwotcha ndalama.

Pa thin client samalani ndi dzina. HP t620 wamba ilibe malo a PCIe, olowetsamo khadi lowonjezera madoko a netiweki. Imene ili nawo ndi t620 Plus, yonenepa pang'ono, ya purosesa ya AMD GX-420CA. M'malo amenewo mumalowetsa khadi lalifupi la Intel, monga i350-T4 la madoko anayi, kuti doko limodzi lilandire intaneti, ena atumize m'nyumba. Doko lobwera ndi makinawo ndi la Realtek, ndipo pa pfSense kapena OPNsense, mapulogalamu oyendetsera rauta amene maziko ake ndi FreeBSD, limatha kuuma deta ikachuluka, n'kulemba "watchdog timeout". Pa OpenWrt, pulogalamu ina ya rauta imene maziko ake ndi Linux, Realtek yemweyo sakuvutitsani kwenikweni. RAM ya 4 GB ndi SSD ya 16 GB zimakwana.

Laputopu yosweka sikirini ili ndi chimodzi chimene enawo alibe: batire. Kumalo kumene magetsi amazimazima, imapitiriza kugwira ntchito ndipo disk siwonongeka ndi kuzima kwadzidzidzi. Kuipa kwake ndi doko limodzi lokha la Ethernet. Kuwonjezera lachiwiri kudzera pa USB kumagwira pa OpenWrt kapena Debian, koma pa FreeBSD kumadukaduka. Ndiye iyenera kukhala seva yaing'ono, ya Pi-hole (yotsekereza malonda a pa intaneti) kapena Samba (yogawana mafayilo). Pa Debian, kumbukirani kusintha HandleLidSwitch kukhala ignore mu fayilo ya logind.conf, apo ayi izigona mukangoitseka. Batire yotupa ichotseni msanga.

Yang'ananinso ngati purosesa ndi ya 64-bit. pfSense inasiya makina a 32-bit mu 2017, OPNsense mu 2020, koma OpenWrt imawalandirabe.

Pa WiFi musadalire iliyonse mwa zitatuzi. Tengani rauta yanu yakale, zimitsani DHCP yake (imene imagawa ma adiresi a IP), lumikizani chingwe pa doko la LAN, ikhale yongofalitsa WiFi.

Chimene ambiri amaiwala ndi kabatire ka CR2032 ka pa motherboard. Mu BIOS, pulogalamu ya pa motherboard yoyatsa makina, mumasankha kuti makina aziyaka okha magetsi akabwera (Dell amalemba AC Recovery, HP After Power Loss). Kabatireko kakatha, BIOS imaiwala zimenezo, wotchi imabwerera m'mbuyo zaka zingapo, ndipo DNS yotetezedwa, imene imapeza ma adiresi a mawebusayiti, imakana kugwira chifukwa masatifiketi akuoneka ngati sanayambe ntchito. Kasintheni tsiku loyamba lomwelo. Ndipo poika OPNsense pa makina opanda UPS (batire yosungira magetsi), sankhani ZFS m'malo mwa UFS ngati kasungidwe ka mafayilo pa disk, chifukwa imapirira bwino magetsi akazima pakati polemba pa disk.