Rode Wireless GO II: pa kamera imagwira, pasiteji imakutayani

Wazisudzo amene anakulira pasiteji, kaya anayambira ku mipikisano ya ATEM ali kusekondale kaya m'gulu la kutchalitchi, anaphunzitsidwa kukweza mawu kuti amene wakhala kumbuyo kwenikweni amve. Akaitanidwa kukasewera mu kanema, mawu omwewo amasanduka vuto, chifukwa kamera ili pafupi ndipo maiki ili pachifuwa pomwepo. Rode Wireless GO II ndi imodzi mwa maiki zopanda waya zimene ojambula makanema ang'onoang'ono amakonda, ndipo n'zosavuta gulu la zisudzo kuganiza kuti likagula imeneyi lathana ndi ntchito ziwiri zonse. Pa kamera imagwira bwino ndithu. Pasiteji ndi ndalama yotayika, ndipo zifukwa zake zili m'kapangidwe kake.

Kampani ya Rode, ya ku Sydney m'dziko la Australia, inaitulutsa mu 2021 pa mtengo wa madola 299 a ku America. Mukatsegula mupeza tizipangizo titatu, kalikonse kongofanana ndi bokosi la machesi, kolemera pafupifupi magalamu 30: ma transmitter (otumiza mawu) awiri ovala osewera ndi receiver (yolandira mawu) imodzi yokhala pa kamera. Transmitter iliyonse ili ndi maiki yakeyake pamwamba komanso kabowo ka 3.5 mm kolowetsapo maiki ya pakolala. Mulinso tiubweya titatu totchinga mphepo, zingwe zitatu zotchajira ndi chingwe chimodzi chopita ku kamera. Maiki ya pakolala mulibe, chingwe cha foni mulibenso, ndiye muziwerengeretu pa bajeti. Foni ya USB-C imafuna chingwe cha SC16, iPhone ya Lightning imafuna SC15. Musayese kulowetsa m'foni chingwe cha kamera chija: nsonga yake ili ndi timizere tiwiri pamene foni imafuna ya timizere titatu, ndipo foni imangopitiriza kujambula ndi maiki yake osakuuzani. Mumadzazindikira madzulo, osewera atapita kwawo.

Musanapite nayo kokajambula, ilumikizeni ku laputopu, mutsegule pulogalamu ya Rode Central. Apa m'pamene pali chinthu chimene chimaiposetsa maiki zina zotchipa: transmitter imatha kujambula mawu m'kati mwake momwe, maola oposa 40 mukasankha mafayilo opanikizidwa, kapena pafupifupi 7 mukasankha osapanikiza. Sankhani osapanikiza, ndipo muike pa Always kuti izijambula ingoyatsidwa, osadikira receiver. Wosewera akalowa kuseri kwa nyumba mawu n'kuduka pa kamera, mumakawapeza athunthu mu transmitter. Kuti adzagwirizane mosavuta ndi chithunzi, wina aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera poyamba pa gawo lililonse. Mu pulogalamu momwemo muzimitse ntchito ya batani la pa transmitter, chifukwa wosewera akakhala pansi n'kulikanikiza ndi lamba amatha kudzitsekera mawu osadziwa.

Osewera akakhala awiri, ikani receiver pa Split kuti aliyense akhale ndi njira yake, wina kumanzere wina kumanja. Mukatero, mukhoza kudzakweza wa mawu otsika popanda kukweza mnzake. Merged imawasakaniza, koma ndi yokhayo imene imalola safety channel, njira yachiwiri yojambula mawu omwewo motsika ndi 20 dB. Kwa wosewera mmodzi amene akuyamba monong'ona n'kumaliza mokuwa, imeneyi ndiyo yopulumutsa.

Vuto lenileni la wosewera wa pasiteji limaonekera pa gain, kutanthauza mlingo wa kukweza kapena kutsitsa mphamvu ya mawu. Receiver ili ndi masitepe atatu, 0, -12 ndi -24 dB, ndipo mukafuna osinthasintha pang'onopang'ono mumawatsegula mu Rode Central. Pa kamera, zimitsani zodzikwezera zokha, mutsitse gain yake, mphamvu izichokera ku receiver. Mawu okweza kwambiri azifika cha pa -12 dB pa mita ya kamera. Koma dziwani kuti mabatani a pa receiver amangotsitsa zimene zafika kale. Maiki ya pa transmitter inapangidwira phokoso lofika pa 100 dB, ndipo wosewera wa m'mimba mwamphamvu akalira maliro kapena kukalipa ali nayo pansi pa chibwano, mawu amang'ambikira pomwepo asananyamuke. Ong'ambika oterowo sakonzeka ngakhale pa kompyuta. Chochita n'kuyatsa Pad, yochepetsa mphamvu ya mawu olowa mu transmitter, mu pulogalamu ija, kutsitsira maiki m'munsi pang'ono, ndi kumuuza wosewerayo zoona: apa si pa bwalo, mkwiyo uoneke m'maso. Poyesa mawu musamuuze kuti awerenge wani, thu, fili. Anene mzere wake wokweza kwambiri, ndi mphamvu imene adzaunenere.

Kuvala transmitter poyera pa kolala kumayenera wofunsa mafunso, osati munthu amene akusewera ngati mfumu ya m'mudzi. Mu kanema muyenera kugula maiki ya pakolala, monga Lavalier GO, n'kuibisa. Malo ake ndi pakati pa chifuwa, masentimita 15 mpaka 20 kutsika kuchokera pa chibwano. Imatidwe ndi pulasitala wa kuchipatala, pa khungu kapena m'kati mwa malaya, mutu wake usakhudzane ndi nsalu. Pansi pake pindani waya kukhala kamkombero kakang'ono n'kumatanso, kuti kukoka kwa waya kusafike ku maiki. Nsalu ya thonje yochapidwa kangapo imakhala chete. Chitenje chatsopano chimene sichinalowe m'madzi, bulauzi ya poliyesita, jekete ya nayiloni ndi mikanda ya m'khosi zimachita khwakhwakhwa pa mawu aliwonse, ndipo wokonza zovala ayenera kuuzidwa zimenezi asanagule nsalu. Kabowo ka 3.5 mm kaja kalibe zomangira, waya amangolowa n'kukhala. Wosewera akagwada kapena kuthamanga umazuka, ndiye transmitter imayamba kumvera ndi maiki yake ili m'chiuno. Zungulizani tepi pamenepo nthawi zonse, ndipo wina akhale ndi mahedifoni m'makutu kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Kwa wosewera amene akufunafuna mwayi kunja imathandiza kwambiri. Kuyambira 2020, osankha osewera ambiri amafuna kuti munthu adzijambule yekha n'kutumiza. Foni pa choimikira, transmitter imodzi pachifuwa, wowerenga mizere ya mnzanu aime pambali pa kamera opanda maiki: mawu anu amamveka patsogolo, a iye kumbuyo, momwe zimafunikira. Mungosankha chipinda chokhala ndi makatani ndi bedi, chifukwa maiki iyi imamva mbali zonse, ndipo m'chipinda cha simenti yokhayokha imatola mawu obwerera kuchokera ku makoma.

Pasiteji chovuta choyamba ndi chiwerengero. Receiver imodzi imalandira ma transmitter awiri basi, pamene sewero la gulu ngati Kwathu limakhala ndi anthu ambiri olowa ndi kutuluka. Osewera eyiti ndiye kuti maseti anayi, ma receiver anayi, ndi tizipangizo 12 totchaja tsiku la sewero, mwina magetsi atazima. Mamita 200 amene analembedwa pa bokosi ndi a pamtetete, popanda chotchinga. Maiki iyi imayenda pa 2.4 GHz, njira yomweyo ya Wi-Fi ndi Bluetooth, ndipo mafunde amenewa sadutsa bwino m'thupi la munthu. Transmitter ikakhala kumsana, wosewera n'kuyang'ana kwa anthu, thupi lake lomwe ndi khoma. Onjezani holo yodzaza anthu, aliyense ndi foni yake, ena atayatsa hotspot. Poyeserera masana zonse zimamveka bwino, usiku mawu n'kumaduka. Mu kanema mukanabwereza gawolo kapena kutenga zojambulidwa m'kati. Pasiteji nthabwala ikaduka pakati yapita.

Kumva mbali zonse kuja kumakhalanso chilango pamene pali masipika. Maiki ya pachifuwa ili kutali ndi pakamwa, ndiye wa pa mikisa amakweza, ndipo wosewera akangoyandikira sipika holo yonse imalira tswiii. Akatembenuza mutu kulankhula ndi mnzake mawu amatsika, akawerama amakwera. N'chifukwa chake m'nyumba zazikulu za zisudzo maiki amaimata pamphumi m'mphepete mwa tsitsi kapena pamwamba pa khutu, kuti izitembenuka limodzi ndi mutu. Kulumikiza ku mikisa nako kumafuna kusamala: receiver imatulutsa mawu pa kabowo ka 3.5 mm, choncho pamafunika adaputala ya XLR, pulagi ya maiki ya pa mikisa, ndipo magetsi a 48 V a pa mikisa azimitsidwe pa njira imeneyo asanaononge chipangizo. Chingwe chimenecho chikatalika chimatola kung'ung'uza, motero receiver ikhale pafupi ndi mikisa kapena ipite kudzera mu DI box, kabokosi kothandiza kuti chingwe chachitali chisatole phokoso.

Batire ndi la m'kati, losachotseka. Maola 7 amene amanena ndi a batire latsopano. Amakwana tsiku lojambula ngati muzimitsa pa nkhomaliro n'kulumikiza ku power bank, koma sewero la masana ndi la usiku, kuphatikizapo kuyesa mawu, limawadya onse, ndipo simungasinthe mabatire kuseri kwa katani monga mumachitira ndi maiki zopanda waya za mafunde a UHF zoyendera mabatire a AA. Thukuta nalo silichitira chifundo tibowo ta USB-C ndi 3.5 mm. Akatswiri a mawu m'nyumba za zisudzo amaveka transmitter kondomu yopanda mafuta, kukamwa kwake kuloze pansi, n'kuiika m'kathumba ka lamba wa m'chiuno. Imeneyi ndi nzeru yofunika ngakhale pojambula kanema panja mu Okutobala.

Gulu limene ntchito yake yaikulu ndi siteji liike ndalamazo pa maiki za UHF zovala kumutu za osewera awiri kapena atatu otsogolera, ena onse adalire maiki zolendewera pamwamba ndi mapapo awo. Amene ntchito yake ndi kamera ndipo thumba likulola ayang'ane Wireless PRO ya 2023, imene inabwera ndi tibowo tomangirira waya, maiki za pakolala m'bokosi momwemo, ndi kujambula kwa 32-bit float kumene kumapirira kukuwa. Mukapeza GO II yogwiritsidwa kale ntchito, musalipire musanaitchaje n'kuisiya yoyaka maola awiri kuti muone mmene batire likutsikira, kenako mugwedeze waya pa kabowo kalikonse muli ndi mahedifoni. Ikamathetheka pamenepo ndiye kuti kabowo kanatha, ndipo mtengo utsike kapena muisiye.