Mafuta a kokonati, mchere kapena oxytetracycline: nsomba zikadwala tigwire chiti?

Anzanga oweta nsomba ku Angónia ndi ku Tsangano, mwakhala mukufunsa za mafuta a kokonati poti mbiri yamveka kuti amapha tizilombo ta matenda. Ine ndayesako zonse zitatu m'madamu anga awiri kufupi ndi Ulóngwe.

Mbiriyo si yabodza. Pafupifupi theka la mafutawa ndi lauric acid, amene amaboola khungu la mabakiteriya monga Streptococcus, uja amachititsa pende kusambira mozungulirazungulira maso atatong'oka nyengo yotentha. Koma Aeromonas, wa zilonda zofiira pamimba ndi m'zipsepse, ali ndi khungu lina lakunja lomuteteza, ndiye samva kwenikweni. Komanso mafutawa amathandiza pokhapokha nsomba itadya, mutasakaniza pang'ono ndi madeya. Nanga yodwala imadya? Imangoyandama pakona kukamwa kuli yasa. Chonde musawathire m'madzi, amayala pamwamba n'kutchinga mpweya. Kutentha kukatsika pansi pa madigiri 24 amaundana ngati kandulo. Mu Juni ndinkachita kuviika botolo m'madzi ofunda kuti atuluke. Kokonatiyonso salimidwa kuno, amachokera kugombe, ku Quelimane ndi ku Inhambane, choncho ndalama zimapita.

Mchere ndiye ndimaudalira. Kukazizira, nsomba zokalika ndi ukonde zimamera nkhungu yoyera ngati thonje. Ndimasungunula magalamu 20 pa lita imodzi m'beseni, n'kuziviika mphindi 10 maso ali pomwepo. Ikangoyamba kupendekeka, ndimaibweza m'madzi abwino msanga. Pende amapirira mchere, koma mlamba muuchepetsere, ulibe mamba. Mchere uli m'misika yonse, kungoti umathera pakhungu, matenda a m'kati suwafika.

Oxytetracycline, mankhwala olimbana ndi mabakiteriya, amafika m'katimo, ndipo amagonjetsa Aeromonas. Chimandiwawa n'choti ena amangogula wa nkhuku n'kuthira mwachisawawa, mawa lake nsomba zili pamsika, ana athu n'kudya. Tizilombo natonso timazolowera, mankhwala n'kuleka kugwira. Ameneyu musamugwire popanda alangizi, ndipo dikirani masiku amene akuuzeni musanakolole.

Mukaona zilonda zakuya zodya mnofu, ngati za matenda a EUS aja anabuka ku Mchinji mu 2020, musataye nthawi ndi chilichonse mwa zitatuzi. Tsekani madzi asatulukire kumtsinje, ukonde wanu musabwereke mnzanu, ndipo kauzeni alangizi tsiku lomwelo.