Kamera ya m'galimoto ndi waya wake wa parking mode: nyenyezi zitatu, ziwirizo wadya ndi mwini shopu

Ndadikira dala miyezi inayi ndisanalembe ndemangayi. Ndikanalemba sabata imene zinachitikayo, bwenzi muno muli zotukwana zokhazokha.

Ndinagula kamera ya kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi ndi hardwire kit yake, mawaya olumikiza kamera ku mafyuzi a galimoto, mu June, pa shopu ina ya ku Old Town kuno ku Lilongwe, mwa mashopu aja ogulitsa mawailesi a m'galimoto ndi ma alamu. Mtengo mukuudziwa kale, umayenda ndi dola ya mumsewu osati ya kubanki, ndipo kumangako anati K25,000 yapadera. Galimoto yanga ndi Sienta yochokera ku Japan, otomatiki. Chaka chatha munthu wina anandiswera nyali yakumbuyo nditaimika galimoto pafupi ndi msika, ndipo onse amene anali pamenepo akuti sanaone kanthu. N'chifukwa chake ndinkafuna kamera yojambula galimoto ili chiimire, ine kulibe, zimene amati parking mode. Waya wa pa laita ya ndudu uja sathandiza, chifukwa pa galimoto zambiri za ku Japan ukangochotsa kiyi, magetsi a pamenepo amathanso.

Mnyamata wa pashopupo anamanga mwachangu ndithu, theka la ola silinakwane. Nditafika kunyumba n'kuzimitsa injini, kamera nayo inazima. Mawa lake ndinabwerera. Iye anangoseka n'kunena kuti, "Madala, nkhani yaing'ono iyi." Anagwada, analowetsa mutu pansi pa dashibodi mphindi ziwiri, n'kudzuka akupukuta m'manja. Nditachotsa kiyi kanyali ka kamera kanali kakuyakabe. Ndinamupatsa ya fanta, tangoganizani.

Masabata awiri oyamba zonse zinali bwino, kapena ndinene kuti ine ndinkaona ngati zili bwino. Tsiku lina m'mawa sitata inalira molemera, ndinati ndi kuzizira kwa June basi.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali Lolemba, kumayambiriro kwa July. Mwana wanga wamkazi ankalemba mayeso a MSCE, ndipo m'mawa umenewo anali ndi pepala la masamu. Ife timakhala ku Area 25, sukulu yake ili mbali ina ya tawuni. Galimoto ndinaiimika Lachisanu madzulo, Loweruka ndi Lamulungu sindinaigwire n'komwe. Ndinkasunga mafuta dala kuti sabata ya mayeso mwana asavutike ndi maminibasi. Cha m'ma 6 koloko tinatuluka, kunja kukuzizira koopsa, mwana atakumbatira kachikwama kake ka zolembera. Ndinapotokola kiyi. Tche-tche-tche. Nyali za pa dashibodi zinangophethira n'kuzilala. Ndinapotokolanso. Zii.

Amene muli ndi otomatiki mukudziwa kuti sikankhidwa. Ikanakhala ya magiya, anyamata atatu a mumsewu akanatha nkhaniyi. Ndinathamangira kwa aneba, galimoto yawo inali itagona pamzere wa mafuta ku Kanengo. Aneba ena galimoto anali nayo koma majampa, mawaya aja olumikizira batire ziwiri, analibe. Majampa anapezeka nyumba yachinayi, kwa bambo ena amene ndinali ndisanalankhulepo nawo chisamukireni kuno, ndipo ndinachita kuwadzutsa. Nthawi yonseyi mwana ali chiimire pageti, sakuyankhula, akungoyang'ana wotchi. Akanalira bwenzi zili bwinoko. Mayi ake ndi amene anadula nkhani: "Bambo, musiyeni mwana akwere kabaza, zanuzo muzithera nokha." Mwana wanga anapita kukalemba masamu pa njinga yamoto, m'mphepo imeneyo, wopanda chipewa chodzitetezera, ine nditaima pageti ndi majampa a eni ake m'manja. Anafika nthawi isanakwane, tithokoze Mulungu. Koma madzulo atabwera anandiuza kuti mphindi zoyambirira zala zinali zitauma moti pensulo inkamupulumuka. Mawu amenewo ndi amene anandinyamula kupita nawo ku shopu kuja.

Ndinapeza mwini wake. Ndinafotokoza mwaulemu, poyamba. Sanadzuke n'komwe pampando. Anati, "Bwana, batire yanu yatha. Kamera sidya magetsi. Mabatire tili nawo, ndikuchotserani pang'ono." Ndinati nanga bwanji batire yomweyi yandiyendetsa zaka zitatu osandigoneka panjira, n'kudzafa patangopita masabata awiri chimangireni kamera yanu? Anati zimachitika. Ndinati mnyamata wanu aonenso mawaya. Anati mnyamata watuluka, komanso kuonanso ndi K10,000. Ndinatulutsa lisiti, iye anandilozera pamene analemba kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, ngati kuti ine ndabwera kudzabweza. Mnyamata amene ankati watulukayo ndinakumana naye pakhomo ndikutuluka, akudya chipisi. Anayang'ana kumbali.

Amene anandithandiza ndi bambo ena achikulire a zamagetsi a galimoto ku Biwi, amene mnzanga wa kuntchito anandilozera. Shedi yawo ndi yamalata akale, koma asanagwire chilichonse anatulutsa mita yoyezera magetsi, chinthu chimene pa shopu ija sindinachionepo. Anatsegula bokosi la mafyuzi, anayeza apa ndi apo, n'kundiitana. "Achimwene, tabwerani muone ntchito ya anzathu."

Nkhani yake ndi iyi. Kit ili ndi mawaya atatu. Wakuda umapita pa chitsulo cha galimoto. Wina umapita pa fyuzi yokhala ndi magetsi nthawi zonse. Wachitatu umapita pa fyuzi ya ACC, imene imakhala ndi magetsi pokhapokha kiyi ikapotokoledwa, ndipo waya umenewu ndi umene umauza kamera kuti injini yazima, lowa mu parking mode. Pa mawailesi a m'galimoto, wachikasu ndiye wa batire, wofiira ndi wa ACC, ndipo aliyense womanga mawailesi amazidziwa ali m'tulo. Pa kit yangayi mitundu ndi yosemphana, wofiira ndiye wa batire, ndipo analembapo pa timapepala tomata pa waya penipenipo. Mnyamata uja sanawerenge. Tsiku loyamba anamanga ngati wailesi, n'chifukwa chake kamera inkazima. Tsiku lachiwiri, m'malo mosinthanitsa, anangotenga mawaya onse awiri n'kuwapiringiza pa mwendo wa fyuzi imodzi ya magetsi osatha. Kuwapiringiza ndi zala, popanda ngakhale kachipangizo kaja kowonjezera fyuzi kamene kanali m'bokosi lomwelo. Choncho kamera inkaganiza kuti galimoto ikuyenda usana ndi usiku, n'kumajambula khoma la nyumba yanga ndi mphamvu zake zonse.

Ndinafunsa kuti nanga si paketi imati kit imadula yokha magetsi batire ikatsika? Anandionetsa kabokosi kakuda kali pakati pa waya, kamene kamatsitsa magetsi a galimoto kufika pa 5V ya kamera. Pambali pake pali kaswitchi kosankhira podulira: 11.8V, 12.0V, 12.2V ndi 12.4V. Kanali pa 11.8. Bambowo anapukusa mutu. Anati batire yodzadza bwino, galimoto itapuma, imaonetsa 12.6 kapena kupitirira pang'ono. Pa 12.2 ndiye kuti yatsala pafupifupi theka. Pa 11.8 ndiye kuti yatsala ya dzina lokha. Kit inadula ndithu monga analembera, koma inadula batire itagwada kale, ndiye muonjezepo zaka zitatu ndi kuzizira kwa July.

Masamu ake tinawerengera limodzi pa katoni. Makamera awiriwa amadya pafupifupi mawati 4, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo atatu a ampu pa 12V. Kuchokera Lachisanu 6 koloko madzulo kufika Lolemba 6 koloko m'mawa ndi maola 60, ndiye kuti magetsi ochoka mu batire ndi 20Ah. Batire yanga ndi timabatire tating'ono tija ta 40B19L, tomwe tikakhala tatsopano timasunga pafupifupi 35Ah. Kamera sidya magetsi, ati.

Anachotsa zopiringizazo, anaika tizipangizo tiwiri towonjezera fyuzi ta saizi yoyenera, waya wa ACC anaupezera fyuzi ya laita, ndipo anakana kukhudza fyuzi ya airbag kapena ya mabuleki ngakhale zinali pafupi. Kaswitchi anakaika pa 12.4. Anayeza alternator, chipangizo chodzadza batire, injini ikulira, inaonetsa 14.1V, anati ili bwino. Zonsezi K8,000, ndipo tiyi anandigulira ndi iwo.

Chilungamo chake, batire ndinasinthabe mu August. Bambo a ku Biwi anati batire ya mtovu ikatsitsidwa chotero sibwereranso mmene inalili, komanso inali itakalamba kale. Ndiye mwini shopu uja sananame kotheratu. Koma amene anaikankhira kumanda ndi mnyamata wake, ndipo batire yatsopanoyo sindinagule kwa iye.

Kamera yeniyeniyo sindikuidandaula kwenikweni, ndipo apa ndiye mtima wanga unayamba kutsika. Itamangidwa bwino, ukangochotsa kiyi imanena yokha kuti yalowa mu parking mode. Ili ndi njira zingapo. Ija yoti izijambula ikaona chinthu chikuyenda ndinaisiya msanga, chifukwa pamsika kapena mumsewu wa kwathu chilichonse chimayenda, nkhuku, ana, nthambi za mango, ndiye imangojambula osapuma. Ndimagwiritsa ntchito ija yojambula chithunzi chimodzi pa sekondi, imene imasunga malo pa memori khadi, ndipo galimoto ikagundidwa imasunga kanema wa nthawi imeneyo padera kuti asafufutike.

Mu September ndinasiya galimoto pamzere wa mafuta madzulo n'kupita kukadya pafupi. Nditabwerera ndinapeza bampa yakumbuyo yalowa mkati, mbali ina ikulendewera. Monga mwa masiku onse, palibe anaona. Alonda sanaone, wogulitsa mandasi sanaone, amene anali kumbuyo kwanga anati angofika kumene. Ndinalowa m'galimoto, ndinalumikiza foni ku kamera, mtima ukugunda chifukwa ndinkaopa kuti mwina inali itadula kale. Kanema analipo. Pikapu yoyera ikufuna kudzipanikiza pamzere, igunda, woyendetsa atsika, ayang'ana bampa yanga, ayang'ana uku ndi uku, akwera n'kukaima kutsogolo, galimoto zisanu ndi ziwiri kuchokera pa ine. Nambala ikuwerengeka bwinobwino ngakhale kunali kachisisira. Ndinapita ndi foni m'manja. Anayamba ndi "Akulu, mukundinena ine?" Nditamuonetsa anangoti kakasi, kenako "Pepani akulu, tikambirane." Bampa analipira yekha, ku polisi sitinafikeko. Ndalama ya bampa imeneyo ndi yoposa theka la mtengo wa kamera, ndiye nyenyezi yachitatuyo yachokera pamenepo.

Koma musayembekezere zodabwitsa. Pa 12.4V, ngakhale ndi batire yatsopano, kamera sifika m'mawa masiku ambiri. Ndikayenda ulendo wautali, monga wa ku Salima kapena ku Dedza, imachezera usiku wonse. Masiku wamba, ulendo wanga ndi wochokera ku Area 25 kupita m'tawuni n'kubwerera, ndiye batire sidzadza mokwanira, ndipo kamera imadula pakatha maola anayi kapena asanu. Ndinayesa 12.2 kwa sabata imodzi, inkakhalitsa ndithu, koma m'mawa uliwonse ndinkapotokola kiyi ndikupemphera, ndiye ndinabwezera. Panopa ndikaimika kunyumba mkati mwa mpanda, makamaka ngati galimoto ikhala masiku awiri, ndimangozula waya pa kamera. Pageti pali galu.

Ena amati gulani batire yapadera ya kamera, zija za lithium iron phosphate zimene zimadzadza galimoto ikamayenda n'kumadyetsa kamera yokha osakhudza batire ya galimoto. Nzeru yake ndi yabwino, koma mtengo wake kuno ukufanana ndi kamera ina. Mlamu wanga anati ndingoika power bank ya foni mu kabati ka kutsogolo. Ayi. M'galimoto yotsekedwa pa dzuwa la October, dashibodi imatentha moti sungaigwire, ndipo ine sindisiya batire ya foni mmenemo. Kamerayi payokha ilibe batire mkati, ili ndi capacitor, kachipangizo kosunga magetsi a kanthawi kochepa chabe, ndipo yadutsa October yense osafufuma, ngakhale masana ena inazima yokha kaamba ka kutentha n'kudzayakanso kutazizira. Memori khadi imene anandipatsa pa shopu ija inafa mwezi wachiwiri, ndinagula ina ya high endurance, zija zopirira kujambula kosalekeza. Kabuku ka malangizo zilembo zake n'zazing'ono ngati nyerere.

Sabata yatha ndinadutsa pa shopu ija ndikupita kukagula mafuta a injini. Mnyamata uja anali atagwada m'galimoto ya mayi wina, mutu pansi pa dashibodi, mawaya ofiira ndi achikasu ali m'manja. Ndinaima, ndinawauza mayiwo kuti asanalipire amufunse kuti kaswitchi wakaika pa nambala yanji ndipo waya wa ACC waumanga pa fyuzi iti. Mwini shopu anatuluka n'kundifunsa ngati ndabwera kudzagula kanthu. Ndinati ndabwera kudzatenga K25,000 yanga. Anabwerera mkati.