Loko, Clojure kapena Haskell: ndalama za banki m'khonde tizisungitsa kwa ndani?

Ine ndi mnzanga wa ku Area 25 tikulemba pulogalamu ya banki m'khonde, ndipo tatsutsana sabata yonse pa nkhani imodzi. Gululo lili ndi matumba awiri, la ngongole ndi la zadzidzidzi, lililonse K80,000. Lamulo lawo ndi lakuti ndalama za matumba awiriwa pamodzi zisatsike pansi pa K100,000. Nanga ma thread awiri (tizigawo ta pulogalamu togwira ntchito patokhapatokha) akabwera nthawi imodzi, wina kudzatapa K50,000 uku, wina K50,000 uko?

Loko mmodzi wotseka matumba onse, wolola thread imodzi yokha kulowa pa nthawi, amathetsa mlanduwu. Kungoti ma thread amaima pamzere ngati amayi pa mjigo, ngakhale amene angofuna kuona ndalama zotsala. Mukaika maloko awiri kuti zifulumire, wina akayamba ndi loko uyu mnzake nayamba ndi uyo, onse amadikirana mpaka kalekale.

Mnzangayo amakonda Clojure, chinenero cholembera mapulogalamu chimene Rich Hickey anatulutsa mu 2007. Kumeneko, m'malo moika loko, ntchito yotapa ndalama mumailemba mkati mwa dosync n'kukhala transaction, ntchito yochitika yonse kapena osachitika konse; transaction iliyonse imaona ndalama monga zinalili pamene inayamba, ndipo owerenga satsekereza olemba. Liwiro lake ndi limenelo, msampha wakenso ndi womwewo. Ma transaction awiri aja onse aona K160,000, onse akhutira kuti lamulo silisweka, ndipo poti aliyense walemba pa ref yakeyake (posungira ndalama za thumba limodzi), Clojure siona mkangano. Zotsala K60,000. Vutoli amalitcha write skew. Mankhwala ake ndi kuika mawu akuti ensure pa thumba limene mwangowerenga kuti wina asalisinthe, koma muyenera kukumbukira nokha, ndipo mukaiwala palibe chokuchenjezani.

Njira ya ma transaction imeneyi imatchedwa STM, ndipo ilinso mu chinenero cha Haskell. STM ya Haskell, imene inalowa mu GHC (compiler yake, pulogalamu yomasulira zimene mwalemba kuti kompyuta imve) mu 2005, isanavomere transaction imafufuza TVar (ref ya ku Haskell) iliyonse imene mwawerenga. Ikapeza kuti ina yasintha, zonse zimayambiranso, choncho wachiwiri uja abwezedwa. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti compiler imakana kutumiza SMS mkati mwa atomically, dosync ya ku Haskell. Tangoganizani msungichuma kulandira uthenga katatu chifukwa transaction inabwerezedwa katatu! Ku Clojure chokutetezani ndi io!, chizindikiro choletsa ntchito ngati ya SMS kuchitika mkati mwa transaction, ngati mwachiikapo. Koma Haskell nayo ili ndi mtengo wake: transaction yaitali, monga yowerengera chiwongoladzanja cha mamembala onse, imatha kumangogwetsedwa ndi tating'ono tosiya ndalama, n'kumayambiranso osamaliza.

Za TSX ya Intel, njira yochitira ma transaction mu purosesa mwenimweni, musataye nayo nthawi. Maganizo oika transaction mu purosesa ndi a Maurice Herlihy ndi Eliot Moss, a 1993. Intel inabweretsa TSX mu mapurosesa ake a Haswell mu 2013, mu 2014 n'kuizimitsa m'mapurosesa amenewo chifukwa cha cholakwika. Ngakhale pamene ikugwira ntchito, silonjeza kuti transaction idutsa, loko wapambali amafunikabe.

Gululo lili ndi amayi 25 okumana Lachisanu lokha. Mzere wa pa mjigo sudzatalika. Taika loko mmodzi, ndipo mnzanga akung'ung'udzabe.