Khansa ya m'mapapo kwa agogo opitirira zaka 80: opaleshoni kapena radiotherapy?

Nkhani iyi ikukhudza chotupa chaching'ono chomwe chapezeka msanga, chisanafalikire m'thupi. Pamenepo dokotala amakhala ndi njira zitatu.

Yoyamba ndi kuchotsa chigawo chonse cha phapo. Phapo lakumanja lili ndi zigawo zitatu, lakumanzere ziwiri, ndiye chimodzi chikachoka mpweya umachepa ndithu. Kuyambira 1995 njira imeneyi ndiyo inkadaliridwa, chifukwa kafukufuku wa ku America anapeza kuti akadula pang'ono khansa imabwerera kwambiri. Munthu wa zaka 60 amapirira. Agogo amavutika masiku otsatira opaleshoni: chibayo, mtima kugunda mosalongosoka, mutu kusokonezeka usiku mpaka kuiwala ana awo. Masiku ogona pabedi amadyanso minofu ya m'miyendo, ndipo wokalamba saibweza msanga.

Yachiwiri ndi kudula kachidutswa kokha komwe kali ndi chotupa. Kafukufuku wa ku Japan wa JCOG0802, wofalitsidwa mu 2022, anasonyeza kuti pa zotupa za kumphepete kwa phapo zosapitirira masentimita awiri, odwala 94 pa 100 anali moyo patatha zaka zisanu, pomwe kwa ochotsedwa chigawo chonse anali 91. Akachita polowetsa kamera pa timabowo m'malo motsegula chifuwa chonse, ululu umachepa ndipo wodwala amatuluka msanga m'chipatala. Ubwino wina wa opaleshoni ndi wakuti amachotsa anabere a pafupi n'kuwayeza, ndiye zimadziwika ngati khansa yayamba kuyenda.

Yachitatu ndi radiotherapy (kupha khansa ndi cheza champhamvu chochokera m'makina) yolunjika pachotupa, yotchedwa SBRT. Palibe kudula, palibe kugonetsedwa tulo ndi mankhwala. Nthawi zambiri amapita katatu mpaka kasanu, madzulo n'kukagona kunyumba. Koma anabere sachotsedwa kuti ayezedwe, phapo likhoza kutupa pakapita miyezi, ndipo nthiti yoyandikana ikhoza kuthyoka. Chotupa chikakhala pafupi ndi njira zikuluzikulu za mpweya, chiopsezo chimakula.

Kwa ine, zaka zolembedwa pachiphaso zisagamule nkhaniyi. Agogo amene amakwera masitepe osapumira, amadzisambitsa okha, ndipo mapapo ndi mtima zayezedwa n'kupezeka zolimba, ndingawasankhire kudula kachidutswa pogwiritsa ntchito kamera. Amene amabanika akangoyenda kuchoka kuchipinda kupita pakhonde, SBRT ndiyo yowayenera. Kuchotsa phapo lonse, osati chigawo chimodzi chokha, pa msinkhu umenewu ndingakane. Ndipo dokotala akamafotokoza zonsezi, agogowo akhalepo ndi kuyankha okha, anawo asawayankhire.