Miyezi 10 ndikugona ndi kapulasitiki m'kamwa

Anayamba kudandaula ndi mayi a kunyumba. Mkonono anauzolowera kalekale, koma chinkawaopsa n'choti ndinkati ndauliza pang'ono n'kungoti zii osapuma, kenako n'kudzidzimuka ngati wotsamwa. Kuchipatala kuno ku Leeds, ku England, anandipatsa kamakina kogona nako usiku umodzi, ndipo kanaonetsa kuti mpweya unkaima kapena kuchepa maulendo 22 pa ola. Adokotala anati ndi sleep apnea, vuto loima kupuma uli m'tulo, ndipo yangayi ndi yapakatikati, poti yaikulu imayambira pa 30.

CPAP, makina opopera mpweya kudzera m'masiki munthu akagona, ndinaiyesa miyezi iwiri. Sindingainyoze, koma ine masiki ake ndinkawapeza pansi pa bedi m'mawa uliwonse. Ndiye anandilembera kalata yopita kwa dokotala wa mano kuti akandipatse kachipangizo kapulasitiki kogona nako m'kamwa.

Iyeyu sanafulumire. Anapeza nkhama zikutuluka magazi ndi dzino limodzi lobooka, n'kunena kuti tithane kaye ndi zimenezo chifukwa kachipangizoka kamagwira mano usiku wonse. Kali ndi zigawo ziwiri, cham'mwamba ndi cham'munsi, ndipo kamakokera nsagwada yam'munsi kutsogolo kuti lilime lisagwere kummero n'kutseka njira ya mpweya.

Masabata oyamba anali ozunza. Pilo yonse dovu, nsagwada kuwawa, m'mawa mano osakumana moti ngakhale buledi ankandivuta. Anandipatsa kena koluma ndikadzuka, kobwezera nsagwada m'malo mwake.

Pofika mwezi wachitatu mkonono unatheratu, ine n'kumati basi ndachira. Ndinatsala pang'ono kujomba tsiku lokayezedwanso. Zotsatira zinabwera maulendo 13 pa ola! Kukhala chete kuja kunandipusitsa, mpweya unali ukuimabe. Dokotala wa mano ataona pepalalo anasuntha kachipangizoka milimita imodzi, patapita masabata angapo inanso imodzi. Kuyeza kwachitatu kunapereka 6. Dokotala wa mano payekha sakanadziwa zimenezi, ndipo wa tulo sakanakhudza nsagwada yanga.

Panopa kusinza pa basi kunatha, mutu umene unkandiwawa m'mawa nawonso. Mtengo wake ndi mano: akumbuyo atalikirana pang'ono, ndikadya nyama imatsakamira pamenepo, ndiye dokotala wa mano amawayang'ana miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Ndimakatsuka ndi madzi ozizira, otentha amakapinda.

Chondibowa n'chimodzi. Madokotala awiriwa amagwirizana bwino papepala, koma mtengatenga wake ndine. Kawiri konse kalata ya mmodzi sinafike kwa mnzake, moti tsopano pepala lililonse ndimalijambula pafoni ndisanatuluke pakhomo.