Clip Studio Paint yandipulumutsa pa nkhani ya mizere yowonda

Anzanga ojambula pa kompyuta, mukuidziwa nthawi ija chithunzi wamaliza, mitundu wapaka, mithunzi yonse ili m'malo mwake, kenako kasitomala akukuuza kuti mizere yawonda kwambiri. Ine zinandipeza mwezi wathawu ndi chithunzi cha mayi atabereka mwana kumbuyo, dengu la tomato pamutu, chopita pa matisheti a gulu lina la amayi a banki m'khonde. Pa sikirini chinali bhobho, koma wopulinta atangochiona anati timizere ta pachitenje ndi m'tsitsi tikafika pa nsalu tidzadukaduka chifukwa utoto sudutsa bwino pamalo opyapyala choncho, ndipo amanena zoona, pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi imodzi) milimita imodzi ndi ma pixel (timadontho topanga chithunzi) pafupifupi 12 pamene timizere tanga tina tinali ta ma pixel awiri basi.

Zikanakhala kale bwenzi ndikudutsanso mzere uliwonse ndi cholembera usiku wonse. Ulendo uno sizinathe ndi mphindi 20 zomwe, nchifukwa chake ndati ndilembeko za pulogalamuyi.

Clip Studio Paint imapangidwa ndi kampani ya Celsys ya ku Japan, inatuluka mu 2012, ena mumaidziwa ndi dzina lakale la Manga Studio. Chimene chinandithandiza ndi chakuti mizere yonse ndinaijambula pa vector layer (leya ndi ngati pepala loonekera limene umajambulapo mu pulogalamuyi). Pa leya wamba, ya raster ija, mzere ukangojambula wasanduka timadontho basi, pulogalamu sidziwanso kuti apa panadutsa cholembera. Pa vector imakumbukira njira imene dzanja linayenda, ndi pamene unadinikiza kwambiri ndi pamene unapepuza, ndiye ukhoza kubwera mawa lake nkuuza mzerewo kuti unenepe osaujambulanso. Ndipo chosangalatsa nchakuti pojambula sumamva kusiyana kulikonse, cholembera cha mu pulogalamuyi chotchedwa G-pen chimayenda chimodzimodzi ngati pa leya wamba.

Chida chonenepetsera mizere chili m'gulu la Correct line, chimatchedwa Adjust line width, m'ma version ena chalembedwa Correct line width. Umangodutsitsa pa mzere ngati ukupaka mafuta, mzere nkunenepa pompo. Koma apa mvetserani bwino chifukwa ndi pamene ambiri amaonongera ntchito yawo. Muli Thicken ndi Narrow, mulinso Scale up width ndi Scale down width, ndipo sizofanana ayi. Thicken imaonjezera muyezo umodzimodzi pa mzere wonse, mpaka kunsonga kosongoka kuja kumakhala kobuntha ngati pensulo yosasongola. Scale up imachulukitsa, ndiye ponenepa pamanenepa kwambiri, powonda pamangoonjezekera pang'ono, nsonga imakhalabe yakuthwa. Pa nsidze, tsitsi ndi makwinya a nsalu ine ndimakonda Scale up chifukwa dzanja langa limaonekabe mmenemo. Koma pa tisheti ija timaluwa ta pachitenje ndinagwiritsa Thicken dala, poti nsonga zakuthwazo ndi zimene zikanasowa pa nsalu. Palinso Fix width yopangitsa mzere wonse kukhala muyezo umodzi, imeneyo ndi yabwino pa ma logo kapena nyumba, pa nkhope ya munthu imaphetsa chithunzi.

Kabokosi ka Process whole line musakaiwale, mukakachonga mzere wonse umasintha ngakhale mwangoukhudza pang'ono, mukakachotsa umasintha pokhapo pamene mwadutsa.

Chimene ndimaikondera kwenikweni si kukonza zolakwika kokha ayi. Chithunzi chimene mizere yake yonse ndi yofanana chimaoneka chogona, maso sadziwa poyambira. Ine masiku ano ndikamaliza ndimabwereranso kunenepetsa mzere wakunja wozungulira thupi, pansi pa chibwano, pansi pa dengu pamene pagwera mthunzi, kenako za kumbuyo monga mitengo ndi nyumba ndimaziwondetsa kuti zibwerere kutali, ndiye mayi uja amangotulukira kutsogolo ngati akubwera kwa iwe. Zimenezi kuzichita pamapeto nkwabwino chifukwa ndi pamene umaona chithunzi chonse pamodzi, uli mkati mojambula sungadziwe.

Nanga amene munajambula kale pa raster kapena munasikana za papepala? Ilipo filter yake, pa menyu ya Filter kenako Correction, dzina lake lomwelo la Adjust line width. Imagwira, koma imanenepetsa chilichonse chili pa leyayo mofanana, ndiye timipata ting'onoting'ono ngati pakati pa zala kapena m'maso timatsekeka nkukhala kachibulumwa kakuda. Njira yake ndi kuyamba mwasankha dera ndi lasso (chida chozungulizira malo amene mukufuna kusintha), kuonjezera pixel imodzi imodzi, ndipo pangani kaye kope ya leyayo musanayambe. Kusandutsa raster kukhala vector ndi Convert layer kumathekanso, pa mizere yoyera bwino zimatuluka zooneka, pa sikechi yamanyokonyoko musayembekezere zambiri. Ya Photoshop ija ya Minimum ndi Maximum imachita zofanana ndi filter imeneyi, Minimum kunenepetsa mizere yakuda pa pepala loyera, Maximum kuiwondetsa, koma kusankha mzere umodzi umodzi ngati pa vector kulibe.

Za mtengo ndiye ndi pamene pamawawa. Imalipiridwa pa intaneti ndi khadi, ndalama yakunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse cha madola chimaluma. Pa kompyuta ungagule kamodzi, pa tabuleti ndi pa foni ndi zolipira mwezi ndi mwezi kapena pachaka. Ilipo ya mitundu iwiri, PRO ndi EX, pa nkhani ya mizereyi PRO ikukwanira, EX ndi ya opanga mabuku a masamba ambiri ndi makatuni oyenda ataliatali. Amene thumba silikulola, Inkscape ndi yaulere, mumapanga Trace Bitmap (kusandutsa chithunzi kukhala vector) kenako Outset (kunenepetsa) kapena Inset (kuwondetsa), imathandiza ndithu pa ma logo ngakhale kuti kujambulira momwemo sikukoma ngati mu Clip Studio.

Matisheti aja anatuluka, timaluwa tonse ta pachitenje tikuoneka, ngakhale ulusi wa dengu. Fayilo yomweyo ndinaiwondetsanso mizere nkupanga ina ya positala ya A3, osajambulanso kanthu.